Luanshya: Tauni Yodzuka ndi Kugona Potsata Mtengo wa Mkuwa

Mbiri ya Luanshya, m'chigawo cha Copperbelt ku Zambia, imayamba ndi mfuti. Akuti m'chaka cha 1902 William Collier anawombera nyama ya chilembwe, ndipo pamene inagwera panaoneka miyala ya mkuwa. Mgodi wa Roan Antelope, womwe unayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, unatenga dzina lake pamenepo.

Tauniyi inamangidwa ndi kampani. Nyumba, chipatala, madzi, ngakhale mabwalo a mpira, zonse zinali m'manja mwa eni mgodi. Anthu anakhamukirako kuchokera kutali, ena a iwo ochokera ku Nyasaland amene ambiri anapeza ntchito za ukalaliki. Koma ubale wa eni ndi antchito sunali wa mtendere: pa sitiraka ya 1935 apolisi anapha anthu 6 pamgodipo.

Boma la Kenneth Kaunda litatenga gawo lalikulu la migodi mu 1970, mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo kampani ya boma ya ZCCM, yokhazikitsidwa mu 1982, inalowa m'ngongole. Mu 1997 mgodi wa Luanshya unagulitsidwa kwa gulu la Binani. Pofika 2000 kampani yawo ya RAMCOZ inali italephera kulipira ngongole, ndipo posakhalitsa madzi anadzaza mgodi. Apa ndi pofunika kuima pang'ono. Chimene chinatayika sichinali malipiro okha. Popeza kampani ndiyo inali ngati boma la tauniyo, kugwa kwake kunatanthauza mipope youma, misewu yokumbika, ndi akatswiri a makina akusanduka alimi a chimanga ndi ootcha makala m'nkhalango zozungulira.

Eni ena anayesa, nawonso natseka pamene chuma cha dziko lapansi chinagwedezeka mu 2008. Mu 2009 kampani ya ku China ya CNMC inagula mgodiwo, kutsegulanso Baluba, ndipo mu 2012 mgodi wa pamtunda wa Muliashi unayamba ntchito. Ndalama zinayambanso kuyenda m'misika.

Kodi kumeneku tingakutche kubadwanso? Ine ndikukayika. Eni atsopano anagula miyala, osati udindo wakale wosamala tauni, ndipo mgodi wa pamtunda umadalira makina kuposa manja a anthu. Mu 2015, magetsi atachepa ndi mtengo utatsikanso, Baluba anaimitsidwa ndipo antchito oposa 1,000 anatumizidwa kunyumba. Mu 2024 ntchito yopopa madzi mu Shaft 28, yomwe inamira zaka zoposa 20 m'mbuyomo, inayambika, ndipo chiyembekezo cha anthu a ku Roan ndi Mpatamatu chinabwereranso pa dzenje lomwe lija.