Buku la IBM la 1981 ndi ufulu wodziwa zam'kati mwa kompyuta

Mnzanga wa chipinda chimodzi ankafuna kuphunzira kulemba mapulogalamu olamula mwachindunji kiyibodi, sikirini ndi memory, osadzera mu Windows. Mabuku ambiri amene anamuuza kuti awerenge anali a m'ma 1980. Poti ine ndimaphunzira mbiri yakale, zinandidabwitsa: bwanji nkhani yamakono chonchi ikudalira mabuku akale kuposa ifeyo?

Nkhaniyi inayamba mu Ogasiti 1981, pamene IBM inatulutsa IBM PC yokhala ndi purosesa ya Intel 8088. Kampaniyi inkagulitsanso buku la Technical Reference, momwe munali zojambula za malumikizidwe a zipangizo komanso code yonse ya BIOS, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa. Wogula ankatha kumvetsa makinawo mpaka pansi penipeni.

Kukopera code imeneyi kunali kuphwanya lamulo la copyright, koma makampani ena anapeza njira. Gulu limodzi linkawerenga n'kulemba zimene BIOS imachita, gulu lina lomwe silinaionepo n'kulemba yatsopano. Mu 1984 Phoenix Technologies inayamba kugulitsa BIOS yotereyi, ndipo makompyuta ofanana ndi a IBM anachuluka zedi.

Chifukwa makinawo anali ofanana, buku limodzi linkathandiza anthu ambirimbiri. Peter Norton anatulutsa Programmer's Guide to the IBM PC mu 1985, Michael Abrash analemba Zen of Assembly Language mu 1990, ndipo Ralf Brown anasonkhanitsa mndandanda wa ma interrupt umene anaukonza komaliza mu 2000. Linus Torvalds naye anaphunzira zambiri m'buku la Andrew Tanenbaum la 1987 asanayambe Linux mu 1991.

Lero Intel imapereka mabuku ake kwaulere pa intaneti, koma ndi masamba masauzande, ndipo code yambiri ya UEFI ya m'malaputopu athu opanga saionetsa. Mabuku akale akadali othandiza popeza purosesa ya x86 ikayatsidwa imayambabe mu real mode ya 16-bit, ngati 8088.

Mnzangayu anayamba ndi Norton, akumayesa zonse pa DOSBox, kenaka n'kupita ku mabuku a Intel. Ine ndinatolapo mfundo imodzi: mbadwo umene unamanga Linux unapatsidwa mwayi wowerenga zam'kati mwa makina awo. Ifenso tiyenera kuufunsa mwayi umenewu kwa amene amatigulitsa zipangizo.