Chopondera Chimene Agogo Anasunga

Pamene tinkachoka pa pulazi ina ya ku Goromonzi mu 2002, bambo anga anasiya bedi, mipando ndi nkhuku, koma m'thumba la jekete anaikamo kachitsulo kotalika ngati chikhatho. Chinali chopondera cha njinga yamoto, chija wokwera amaikapo phazi. Kunsi kwake kunali kotha mopendekeka, ngati khasu limene lalima zaka zambiri. Anali atachilandira kwa agogo, ndipo lero chili kwa ine.

Agogo anachokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi imene bungwe lolemba anthu ntchito lotchedwa Mthandizi linkatuta amuna a ku Nyasaland kupita nawo ku mapulazi a fodya a ku Southern Rhodesia. Kumudzi ankangoti apita ku Halale. Ena anakathera ku mgodi wa golide wa Arcturus, womwenso uli m'boma la Goromonzi, koma agogo anaikidwa m'galaja ya pa pulazi. Ankakonza mathirakitala, mapampu a madzi ndi njinga yamoto imene mwana wa mwini pulazi ankayendera minda. Iwo sankaloledwa kuikwera kupyola pageti. Komabe ankaidziwa kuposa mwini wake, pakuti Lolemba lililonse chitsulo chinkawauza zimene mnyamatayo anachita Lamlungu.

Masiku amenewo anyamata achizungu a m'dzikomo anali atapenga ndi mipikisano ya njinga zamoto, ndipo panali chifukwa. Mu 1953, chaka chomwe Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, Ray Amm wobadwira ku Salisbury anapambana mipikisano iwiri ikuluikulu ya TT pa chilumba cha Isle of Man, atakwera Norton. Gary Hocking, yemwe anakulira ku Bulawayo, anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1961 pa njinga za 350cc ndi 500cc za MV Agusta. Jim Redman, amene anasamukira ku Rhodesia kuchokera ku London, anatenga ukatswiri wa dziko lonse kasanu ndi kamodzi pakati pa 1962 ndi 1965, atakwera Honda. Mnyamata aliyense wa pa pulazi ankafuna kukhala ngati iwowo, ndipo umboni wa kulimba mtima unali chopondera chokhulika. Ankaonetsana zitsulozo monga momwe alenje amaonetserana nyanga.

Agogo sankaona choncho. Anaphunzitsa bambo anga kuti njinga ikamakhota iyenera kupendekera mkati mwa kona, ndipo liwiro likachuluka kupendekerako kumachulukanso. Koma pali malire. Tayala likugwira msewu pamalo aang'ono kwambiri, ndipo kulemera konse kwa njinga ndi munthu kuyenera kukhala pamenepo. Chitsulo cholimba chikangokhudza pansi, gawo la kulemerako limasamukira pa chitsulocho, tayala lakumbuyo limapepukidwa, kenako limaterereka. N'chifukwa chake zopondera za njinga zambiri za masiku ano zimapindikira m'mwamba zikagunda pansi, ndipo zina zili ndi kamsomali kunsi koyamba kukhula kuti wokwera amve. Njinga imene agogo ankakonza inali ndi zopondera zosapindika. Phokoso loyamba la chitsulo pa tala nthawi zambiri linali lomaliza.

Misewu yake sinkathandizanso. Kuyambira m'ma 1930 boma linkamanga misewu ya timizere tiwiri ta tala, pakati n'kusiya dothi ndi miyala. Wopendekera kwambiri pa kona yotere ankangochoka pa kamzereko n'kupezeka ali m'miyala njinga ili chigonere. Tsiku lina mwana wa bwana uja anachita zomwezo. Anathyoka mwendo, ndipo agogo ndiwo anapita ndi ngolo kukatenga njinga. Pochotsa chopondera chopindikacho anachiika m'thumba m'malo mochitaya. Bambo ankati agogo anali atamuchenjeza mnyamatayo kawiri konse, koma ndani akanamvera munthu wa ku komboni?

Ngakhale akatswiri enieni sanapulumuke onse. Ray Amm anafa mu April 1955 ku Imola, ku Italy, atagwa pa kona pa mpikisano wake woyamba ndi MV Agusta. Hocking anasiya njinga mu 1962 mnzake Tom Phillis atafa ku Isle of Man, koma iyenso anafa chaka chomwecho poyeserera galimoto yampikisano pafupi ndi Durban. M'zaka za m'ma 1970 okwera monga Jarno Saarinen ndi Kenny Roberts anatchukitsa njira yotulutsa thupi kumbali ya mkati mwa kona, bondo n'kumayandikira pansi. Ambiri amaganiza kuti n'kudzionetsera, koma cholinga chake n'chakuti munthu akapendekera kwambiri, njinga imapendekera pang'ono pa liwiro lomwelo, ndipo zitsulo zimatalikirana ndi msewu. Akatswiriwo ankathawa chinthu chomwe anyamata a pa pulazi ankachithamangira.

Ndili mwana, bambo ananditengako ku Donnybrook, bwalo la mipikisano la pa msewu wa Arcturus, kufupi ndi Mabvuku ndi Tafara kumene kuli anthu ambiri a kwathu. Ine ndinkayang'ana liwiro. Iwo ankandikoka dzanja n'kumati, “Mwanawe, taona pamene akugwira buleki.” Wodziwa ankachepetsa liwiro njinga idakali chilili, n'kuyang'ana kumene kona ikuthera, n'kumawonjezera moto pang'onopang'ono potuluka. Wosadziwa ankalowa mothamanga, n'kudzidzimuka pakati pa kona, n'kutseka moto kapena kufinya buleki. Bambo ankati ukamva chitsulo chikukhula usadzidzimuke: kweza phazi pang'ono, sunthira thupi mkati, ndipo mawa ulowe kona imeneyo mofatsa.

Mapulazi atayamba kulandidwa mu 2000, mabanja ambiri a machona anasowa pokhala. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a ife opanda dziko, mpaka malamulo atsopano a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko oyandikana nawo. Ife tinali titabwerera kale. Mayina a Amm, Hocking ndi Redman ali m'mabuku. A amakanika a ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Angonia amene ankawongola zitsulo m'magalaja a mapulazi mulibemo.

Chaka chatha mwana wa mchemwali wanga anayamba kabaza ku Lilongwe. Amanyamula anthu awiri, nthawi zina ndi thumba la chimanga, ndipo kulemera kumeneko kumatsitsa njinga mwakuti zopondera ndi sitandi zimayandikira msewu. Tsiku lina anandionetsa monyadira chopondera chake chokhulika, akuti anachikhulitsa pa raundabauti. Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga cha agogo, n'kuchiika pambali pa chake. Zinali zotha mofanana. Anachitembenuza kangapo, kenako anafunsa kuti, “Malume, mwini wake anatani?”

Ndinamuuza kuti akhale pansi.