Maselo Amene Ankayesedwa Guluu

M'chaka cha 1856 dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, adatcha tinthu tina topezeka pakati pa maselo a mitsempha mu ubongo dzina loti neuroglia, kutanthauza guluu wa mitsempha. Iye ankaganiza kuti ntchito ya tinthuti idali yongomata ndi kuchirikiza maselo enawo, monga momwe dothi limagwirira njerwa pakhoma. Dzinali lidachititsa akatswiri ambiri kunyozera maselowa kwa zaka zoposa zana, ngakhale aja ooneka ngati nyenyezi amene adadzatchedwa astrocyte.

Tsono funso lakuti thupi limadziwa bwanji kuti mpweya wa okosijeni wachepa m'magazi lidayankhidwa koyamba ndi anthu oyang'ana pakhosi, osati mu ubongo. Ku Ghent, m'dziko la Belgium, Corneille Heymans adachita kafukufuku wodabwitsa: adalumikiza agalu awiri kotero kuti mutu wa galu mmodzi unkalandira magazi a mnzake, pamene mitsempha yokha ndiyo inkaulumikiza ndi thupi lake. Mwa njira zotere adaonetsa kuti timatupi ting'onoting'ono ta pa mtsempha wa magazi wa m'khosi, totchedwa carotid body, timazindikira kusintha kwa magazi n'kuuza ubongo kuti ufulumizitse kupuma. Adalandira mphoto ya Nobel ya chaka cha 1938, ndipo nkhaniyo idaoneka ngati yatha.

Komatu padatsala chinthu chimodzi chovutitsa. Okosijeni akachepa, kupuma kumafulumira kwa mphindi zochepa, kenaka kumabwerera pansi. Mwa makanda obadwa masiku asanakwane kubwerera kumeneku n'koopsa, pakuti ena amalekeza kupuma kwa kanthawi ali m'tulo.

M'chaka cha 1991 Jeffrey Smith, Jack Feldman ndi anzawo adapeza kachigawo ka kumunsi kwa ubongo kamene kamayambitsa kayendedwe ka kupuma, kotchedwa pre-Bötzinger complex. Maso onse adali pa maselo a mitsempha. Koma mu 2010 gulu la Alexander Gourine ku University College London lidaonetsa, pogwiritsa ntchito makoswe, kuti ma astrocyte amamva asidi akachuluka chifukwa cha mpweya woipa umene timatulutsa, ndipo amatulutsa ATP, imene imadzutsa maselo olamulira kupuma. Mu 2015 gululi lidalengeza kuti maselo omwewa amamvanso kuchepa kwa okosijeni. Makoswe odulidwa mitsempha ya carotid body ankawonjezabe kupuma, koma ofufuzawo atatseka njira imene ma astrocyte amatumizira uthenga, mphamvu imeneyi idachepa kwambiri.

Si onse adavomereza. Mu 2018 Luc Teppema wa ku Leiden adatsutsana poyera ndi Gourine ndi Gregory Funk wa ku Canada, ponena kuti umboniwo sudali wokwanira kulanda ulemu wa carotid body. Kutsutsa kwakeko sikudali kwachabe, chifukwa khoswe si munthu.

Chochititsa chidwi n'chakuti ATP ikaphwanyika imasanduka adenosine, amene amafooketsa kupuma. Mankhwala a kafini, omwe madokotala adayamba kupatsa makanda olekeza kupuma m'zaka za m'ma 1970, amatsekereza adenosine yemweyo. Motero makanda ambiri adapulumuka ndi mankhwalawa zaka zoposa makumi atatu akatswiri asanaonetse kuti gawo lina la ATP imeneyi limachokera ku maselo aja a Virchow.