Njanji ya Pakati pa Nyanja Ziwiri

Senderani pafupi adzukulu anga, ndikuuzeni za nyanja ya Chiuta momwe tidaipezera. Makolo athu ankati nyanjayi ndi nkhokwe yosatha. Madzi ake ndi osazama ndiponso okoma kumwa, osati amchere ngati a Chilwa, chifukwa ali ndi potulukira: mvula ikagwa bwino amatsikira ku Amaramba, nalowa mu Lugenda mpaka kukafika ku Rovuma. Bambo ankatchera miono m'bango madzulo, m'mawa n'kukavuula makumba ndi milamba. Amayi ankayanika matemba padzuwa. Tiana ta nsomba ankatisiya m'madzi kuti tikule, ndipo wophwanya mwambowu ankakayankha kwa amfumu.

Njanji idabwera mu 1970, m'masiku a Apwitikizi. Idachokera ku Cuamba, komwe nthawiyo kunkatchedwa Nova Freixo, n'kudutsa pamtunda wamchenga wolekanitsa Chiuta ndi Chilwa, kupyola Entre Lagos ndi Nayuchi mpaka ku Nkaya m'Malawi. Tidaikonda, ana inu. Inkatibweretsera mchere, nsalu ndi alendo. Nkhondo yapachiweniweni idaisokoneza, mtendere n'kubwera mu 1992.

M'zaka zomwezo kudafika asodzi a makoka a nkacha, a maso ang'onoang'ono, okokolola chilichonse. Ankavundula matope mpaka amayi kusowa potunga madzi akumwa. Abale athu a tsidya la Machinga adatopa nazo, ndipo cha mu 1995, chaka chomwe Chilwa idauma, adawathamangitsa n'kukhazikitsa makomiti a m'madooko. Mdani ameneyo tinkamuona ndi maso, tinkadziwa ndi kwawo komwe.

Wa lero ndi wina. Mu 2011 mgodi waukulu wa malasha udayamba kugwira ntchito ku Moatize, m'chigawo cha Tete. Mabanja ambiri adasamutsidwa kupita ku Cateme, ndipo mu Januwale 2012 adatseka njanji ya kumeneko podandaula za nyumba ndi minda yomwe adapatsidwa. Pambuyo pake njanji yathu ino idakonzedwa kuti malashawo azidutsa m'Malawi, kulowanso kwathu pa Entre Lagos, ulendo wa ku doko la Nacala. Kumeneko amakwera zombo kupita ku India ndi maiko ena, kukasungunulira chitsulo ndi kupangira magetsi.

Mwaziona nokha sitimazo, mabogi oposa 100, pamwamba posaphimba. Fakitale kuno kulibe, koma mphepo ya mwera ikamaomba, fumbi lakuda limatsikira m'mbali mwa njanji, pa chinangwa choyanika, m'minda ya mpunga. Dzinja likafika, madzi othamanga amakokolola zonsezo kupita kumadambo, ndipo madambowo ndiwo amamwetsa nyanja zathu ziwiri. Pamenepa mtima umandiwawa, chifukwa m'madambo momwemo ndimo nsomba zimaswera. Anthu a ku Moatize, okhala pafupi ndi mgodi weniweniwo, akhala akulira za fumbi lomweli kwa zaka zambiri.

Chitukuko sindichikana. Njanji idalemba ntchito ena mwa anyamata athu, ndipo boma limatolera msonkho. Koma wodutsitsa chuma pakhomo pa mnzake asamusiyire litsiro.

Inu mwapita kusukulu, mumatha Chipwitikizi. Tenganani ndi amfumu mupite ku boma ku Insaca, mukapemphe kuti mabogi a malasha aziphimbidwa, ndi kuti madzi a Chiuta aziyezedwa chaka ndi chaka, zotsatira zake n'kumatiwerengera pabwalo.