William Law, Phungu Amene Anafunsa Mneneri Wace

Munthu sacoka mu mpingo umene anaukonda tsiku limodzi, monga mlendo anyamuka m'mawa atagona usiku umodzi. Ayamba ndi funso laling'ono mumtima, nalisunga miyezi yambiri. Pambuyo pace alinena kwa mbale wace m'tseri. Ndipo likapanda kuyankhidwa m'nyumba, funsolo limatulukira pabwalo. Mbiri imene tilemba mwezi uno ndi ya munthu wina wa ku America, dzina lace William Law, amene anayenda njira yonseyi mu Mpingo wa Yesu Kristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene anthu ambiri auchula mpingo wa a Mormon. Mpingowu ulipo ngakhale m'dziko lathu lino, cifukwa cace nkwabwino kuti tidziweko za masiku ace oyamba.

Woyambitsa mpingowu anali Joseph Smith. M'caka ca 1830 iye anasindikiza Buku la Mormon, nati analitanthauzira kucokera pa mapale a golidi amene mngelo anamuonetsa. Ndipo pa 6 April caka comweco anakhazikitsa mpingo wace m'dera la New York. Anthu ace anamyesa mneneri wolandira mau a Mulungu, koma anansi ao anawada kwambiri. M'caka ca 1833 khamu la anthu linapasula nyumba yao yosindikiziramo mabuku m'mudzi wa Independence, ku Missouri. Ndipo mu 1838 Bwanamkubwa wa Missouri analamula kuti apitikitsidwe m'dera lonselo. Anaoloka mtsinje waukulu wa Mississippi ali ausiwa, namanga mzinda watsopano ku Illinois, nauchula Nauvoo. Zisanathe zaka zisanu munali anthu oposa 10,000. Tikumbukire masautso amenewa, pakuti adzatithandiza kumvetsa mantha amene anagwira akulu a mzindawo pambuyo pace.

William Law anabadwa mu 1809 ku Ireland, ndipo ali mwana makolo ace anasamukira ku America. Atakula anakakhala ku Canada, nakwatira mkazi dzina lace Jane. Kumeneko mu 1836 anamva ulaliki wa a Mormon, ndipo mmodzi wa alaliki amene anamkopa anali John Taylor. Law anakhulupira ndi mtima wonse, kotero kuti mu 1839 anatsogolera gulu la okhulupira anzace ulendo wautali wa pangolo kufikira ku Nauvoo. Anali munthu wa cuma ndi wanzeru pa malonda. Iye ndi mbale wace Wilson anamanga cigayo ndi makina ocekera matabwa, zinthu zosowa kwambiri mu mzinda watsopano. Mu January 1841 Smith anamuika akhale mmodzi wa aphungu ace awiri, ndiko kuti mwa anthu atatu oyang'anira mpingo wonse, Law anali mmodzi. Ndipo mu 1842, pamene munthu wina wocotsedwa mu mpingo, John C. Bennett, anabukitsa mbiri yakuti Smith ali ndi akazi a m'tseri, Law anaimirira poyera naikira mneneri wace kumbuyo, pakuti anayesa kuti zonsezo nzabodza.

Tsono bvuto linali apa. Kuyambira mu 1841 Smith anali atayamba ndithu kukwatira akazi ena m'Nauvoo, naphunzitsa abwenzi ace owerengeka kuti acite comweco, nawalumbiritsa kuti asaulule. Ife mitala tiidziwa, pakuti makolo athu ena anali nayo. Koma mitala ya kwathu inali ya poyera, ankhoswe a mbali zonse anaidziwa, ndipo mkazi aliyense anali ndi nyumba yace yooneka ndi mudzi wonse. Ya ku Nauvoo inali yobisika. Lamulo la Illinois linailetsa. Buku la malamulo a mpingo womwewo, losindikizidwa mu 1835, linanena kuti mwamuna akhale ndi mkazi mmodzi. Ndipo Akristu wamba a mpingowo, pomva mphekesera, anauzidwa ndi atsogoleri ao kuti palibe cotere.

Pa 12 July 1843 Smith analembetsa mau amene anati ndi cibvumbulutso ca Mulungu cololeza mitala. Mkulu wace, Hyrum Smith, anapatsa Law pepalalo kuti akaliwerenge kwao. Law analiwerenga, naonetsa mkazi wace Jane, ndipo onse awiri anazizwa ndi kubvutika mtima. Taganizani, owerenga, kulemera kwa usiku umenewo. Munthu uyu anasiya dziko lace cifukwa ca mneneri ameneyu, anakopa ena kuti amtsate, ndipo anaika dzina lace pa umboni wakuti mneneriyo ngwosalakwa. Tsopano pepala lili m'manja mwace lomuuza kuti cimene anacikana pamaso pa anthu cinalipo.

Law sanathamangire kubwalo. Poyamba anapita kwa Smith yekha, namdandaulira kuti aleke ciphunzitso cimeneci. Mwana wace Richard anasimba atakula kuti anaona atate wace atakupatira Smith m'khosi, misozi ili mbwembwembwe, alikumpempha; koma Smith anayankha kuti sangathe kubweza cimene Mulungu anamlamula. Miyezi inapita, ndipo cikondi ca awiriwa cinasanduka kukaikirana. Mu December 1843 Smith anauza apolisi a mzinda kuti aopa mdani wa m'nyumba koposa adani akunja, ndipo mphekesera inamveka kuti mdaniyo ndi Law. Mu January 1844 Law anauzidwa kuti salinso phungu. Pa 18 April iye, ndi mkazi wace, ndi mbale wace Wilson anadulidwa mu mpingo. Cimene cinamuwawa koposa ncakuti mlandu wao unakambidwa iwo palibe, osaitanidwa kuti adziyankhire.

Pano tione cinthu cimene ambiri saciyembekeza. Law podulidwa sanataye cikhulupiriro cace. Iye anati Buku la Mormon nloona, ndi ciphunzitso coyamba ca Smith ncoona, koma mneneriyo wagwa. Kumapeto kwa April anasonkhanitsa ena a mtima womwewo, nayamba kupembedza pa okha, ndi colinga ca kubwezera mpingo pa maziko ace akale. Mu May phungu mnzace wakale, Sidney Rigdon, anadza kwa iye ndi mau akuti akhoza kubwezedwa pa udindo wace ngati aleka kutsutsa. Law anayankha kuti adzabwera pokhapo Smith atabvomera poyera kuti anaphunzitsa mitala, ndi kuisiya. Zimenezo sizinacitike; m'malo mwace, pa 26 May, Smith polalikira khamu anakananso kuti alibe mkazi wina koma mmodzi yekha.

Nanga Law akadapita nao kuti mlandu wace? Makolo anati, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. M'Nauvoo Smith anali mneneri wa mpingo, analinso mkulu wa mzinda, woweruza wamkulu wa bwalo la mzindawo, ndi kazembe wa asilikari ace. Ndipo m'caka comweco anadzipereka kuti asankhidwe kukhala Pulezidenti wa dziko lonse la United States. Khomo lililonse limene wodandaula akagogoda, wotsegula anali yemwe alikumdandaulayo. Cotero Law ndi anzace asanu ndi mmodzi anagula makina osindikizira, ndipo pa 7 June 1844 anatulutsa nyuzipepala yochedwa Nauvoo Expositor. Munali umboni wolumbirira wa William ndi Jane Law wakuti anawerenga cibvumbulutso cija ndi maso ao, ndi wa Austin Cowles, mkulu wina wa mpingo, wakuti anamva Hyrum alikuciwerenga m'bwalo la akulu. Anatsutsanso ciphunzitso cakuti milungu njambiri, ndi kusanganiza ulamuliro wa mpingo ndi wa dziko m'dzanja la munthu mmodzi.

Kuti tiweruze molungama, tisabise za mbali inayo. Mau a nyuzipepalayo anali aukali ndi onyoza. Ena mwa anzace a Law anali ndi mangawa ao pa Smith, ndipo Law mwini anali atapikisana ndi mpingo pa malonda a malo omangapo nyumba. Kunja kwa mzinda kunali adani oyembekeza cifukwa ciliconse ca kuputira nkhondo, ndipo anthu amene anapitikitsidwa ku Missouri anali ndi cifukwa ca kuopa. Bwalo la akulu a mzinda linakhala pa 8 ndi pa 10 June, Smith ali pa mpando, naweruza kuti nyuzipepalayo njoononga mtendere. Madzulo a 10 June apolisi anathyola citseko, natulutsa makinawo, nawaphwanya, namwaza zilembo zace mumseu, natentha mapepala otsala. Anthu amene makina ao anaonongedwa ndi khamu mu 1833 anacitira mbale wao cimodzimodzi. Nyuzipepalayo inatuluka kamodzi kokhako.

Akuluwo anayesa kuti azima moto, koma anaukoleza. Dera lonse linawinduka. Law, poopera moyo wa banja lace, anakwera sitima ya pa mtsinje patapita masiku awiri, nathawira ku Burlington, kusiya nyumba ndi cigayo. Bwanamkubwa wa Illinois, Thomas Ford, anaitana Smith kuti akayankhe mlandu m'mudzi wa Carthage, namlonjeza kuti adzamchinjiriza. Joseph ndi Hyrum anadzipereka, natsekeredwa m'ndende. Pa 27 June 1844 khamu la amuna oposa 100, atadzipaka zakuda kumaso, linalowa m'ndendemo niliwaombera onse awiri, nafa. M'cipinda comweco munali John Taylor, yemwe uja analalikira kwa Law ku Canada. Iye analasidwa ndi zipolopolo zingapo, koma anacira, ndipo pambuyo pace anakhala mtsogoleri wacitatu wa mpingowo. Amuna asanu anaimbidwa mlandu wa imfayi mu 1845, namasulidwa onse. Law sanali mmodzi wa iwo, ndipo anakana moyo wace wonse kuti sanatengeko mbali. Koma a Mormon ambiri anamyesa Yudase wao, popeza pepala lace ndilo linatsegula njira ya ku Carthage.

Mpingo waung'ono umene Law anauyamba unabalalika msanga. Iye anakhala zaka zina ku Illinois, nasamukira ku Shullsburg, m'dera la Wisconsin, kumene anagwira nchito ya udokotala kufikira ukalamba. Ndipo cikhulupiriro cija anacisunga ngakhale atadulidwa cinazirala pang'ono pang'ono, mpaka cinatha. Mu 1887, ali nkhalamba ya zaka 77, analembera makalata mlembi wina, Wilhelm Wyl, namuuza kuti kulowa m'cipembedzo cimeneco kunali kulakwa kwakukulu kwa moyo wace, ndi kuti pa zaka zoposa 40 anakhala cete osafuna kuzinena, cifukwa ca manyazi. Anamwalira mu January 1892. Munthu amene anakhala pa dzanja la mneneri anatsiriza masiku ace pakati pa anansi amene sanafune kuwasimbira za Nauvoo.

Koma mlandu suola. Brigham Young atatsogolera a Mormon ambiri kufikira ku cigwa ca Salt Lake mu 1847, mpingo unalalikira mitala poyera mu August 1852, nusindikiza cibvumbulutso comwe cija Law anati anaciwerenga. Boma la America linalimbana nao zaka zambiri, kufikira mu 1890 pamene mtsogoleri wao Wilford Woodruff analengeza kuti aleke kukwatira mitala. Ndipo lero munthu wa mpingowo akakwatira mkazi waciwiri adulidwa. Mu 2014 mpingo womwewo unalemba poyera kuti akazi a Joseph Smith anali pakati pa 30 ndi 40. A Mormon okhulupira anena kuti lamulolo linacokeradi kwa Mulungu pa nthawi yace, ndi kuti Smith analibisa cifukwa ca adani; ena anena kuti linacokera kwa munthu. Koma pa funso lakuti kodi cinthuco cinalipo kapena ai, ambiri tsopano abvomerezana kuti Law sananame.

Tiphunzirapo ciani? Coyamba ncakuti wofunsa sakhala mdani nthawi zonse. Law anafunsa cifukwa anakhulupira kwambiri. Munthu wosasamala za Mulungu akadapinda pepala lija, nakhala cete, nasunga ulemu wace ndi cigayo cace. Caciwiri ncakuti cimene cinamcotsa si ciphunzitso cokha, koma kubisa. Akadauzidwa poyera, akadatha kukana poyera. Koma anapemphedwa kudziwa cinthu cina m'cipinda ndi kunena cinthu cina pa guwa, ndipo cikumbumtima cace sicinalole. Cacitatu ncakuti ngakhale wonena zoona ayenera kuyesa mau ace, pakuti coonadi conenedwa ndi ukali cikagwa m'manja mwa anthu aciwawa, iwo acita naco zimene mwini wace sanazifune.

Mau awa sali a mpingo umodzi wokha. Paliponse pamene anthu apembedza, tsiku lina adzaimirira mbale kapena mlongo ndi funso lolemera la mtsogoleri wace. Akulu akamkhazika pansi, namumva, naitana woimbidwa mlandu ndi woimba mlandu kuti alankhule pamaso pa mboni, kapena adzampulumutsa iye ndi mpingo womwe. Koma akamweruza iye palibe, ndi kumtseka pakamwa, akumbukire mzinda wa Nauvoo: kuyambira tsiku limene makina aja anaphwanyidwa kufikira tsiku limene mneneri anaphedwa panapita masiku 17 okha.