Pulojekiti ya ma iPad m'sukulu za ku Los Angeles

Pulojekiti ya ma iPad m'sukulu za ku Los Angeles inali ndondomeko imene chigawo cha zamaphunziro cha Los Angeles Unified School District, chodziwika mwachidule kuti LAUSD, chinayambitsa m'chaka cha 2013 pofuna kupatsa wophunzira aliyense ndi mphunzitsi aliyense kakompyuta kam'manja ka mtundu wa iPad. Dzina lake m'zikalata za chigawochi linali Common Core Technology Project. Ntchito yonse inkayembekezeka kudya ndalama zokwana pafupifupi madola 1.3 biliyoni. Pasanathe zaka ziwiri, kontirakiti yogulira zipangizozi inathetsedwa, mkulu wa chigawo anatula pansi udindo wake, ndipo apolisi a FBI analanda zikalata ku likulu la chigawochi. Nkhaniyi imatchulidwa kawirikawiri anthu akamakambirana za kayendetsedwe ka ntchito zikuluzikulu za makompyuta m'sukulu komanso za chitetezo cha ana pa intaneti.

Chiyambi chake

Ku United States, sukulu za boma zimayendetsedwa ndi zigawo za zamaphunziro. Chigawo chilichonse chimakhala ndi bodi yakeyake, chimalemba ntchito aphunzitsi, chimamanga sukulu, ndipo chimatha kubwereka ndalama ngati anthu a m'deralo avomereza kudzera m'voti. LAUSD ndi chigawo chachiwiri pa kukula m'dziko lonselo, kuposedwa ndi cha mzinda wa New York chokha. Pa nthawiyo chinali ndi ophunzira oposa 600,000, ambiri mwa iwo ochokera m'mabanja opeza movutikira. Bodi yake ili ndi mamembala asanu ndi awiri osankhidwa ndi anthu.

John Deasy anakhala mkulu wa chigawochi mu Epulo 2011. Chaka cham'mbuyo mwake, boma la California linali litavomereza miyezo yatsopano ya maphunziro a masamu ndi Chingelezi yotchedwa Common Core, ndipo mayeso oyendera miyezo imeneyi anayenera kumalembedwa pa kompyuta. Deasy ankanena kuti nkhani ya zipangizozi ndi nkhani ya ufulu wa ana: mwana wa munthu wolemera ali kale ndi kompyuta kunyumba, choncho mwana wa munthu wosauka asamanidwe mwayi womwewo. Ndi anthu ochepa amene ankatsutsa cholinga chimenechi. Mkangano umene unabuka pambuyo pake unali wa mmene ntchitoyo inayendetsedwera.

Kontirakiti ndi ndalama

Mu Juni 2013 bodi inavomereza kontirakiti ya madola 30 miliyoni ndi kampani ya Apple ya gawo loyamba, limene linakhudza sukulu 47. Mtengo umene unalengezedwa poyamba unali madola 678 pa iPad iliyonse, koma pambuyo pake zinadziwika kuti chigawo chinkalipira madola 768. Mtengowu unali wokwera kuposa wa m'sitolo chifukwa unaphatikizapo chikwama chotetezera, chitsimikizo cha kampani, ndi maphunziro a masamu ndi Chingelezi okonzedwa ndi kampani ya Pearson. Chilolezo chogwiritsa ntchito maphunziro a Pearson chinali cha zaka zitatu zokha. Pa ndalama zonse za pulojekitiyi, pafupifupi madola 500 miliyoni anali a zipangizo ndi maphunziro ake, ndipo pafupifupi 800 miliyoni anali okonzera intaneti yopanda mawaya m'sukulu.

Ndalamazi zinachokera ku ngongole imene anthu ovota anavomereza kuti igwire ntchito yomanga ndi kukonza sukulu. Ngongole yotere imabwezedwa kwa zaka zambiri, mwina mpaka 25, pamene iPad imatha kapena kukalamba m'zaka zochepa chabe. Otsutsa ankati okhometsa msonkho adzakhala akubwezabe ngongole ya zipangizo zimene zinatayidwa kalekale, pamene sukulu zina zinali ndi zimbudzi zowonongeka ndi madenga odontha. Maloya a chigawo ankati lamulo linkalola kugwiritsa ntchito ndalamazo motero. Panalinso chinthu china chimene bajeti yoyamba sinawerengere: ophunzira a m'makalasi apamwamba ankafunika makiyibodi kuti alembe bwino mayeso atsopanowo, ndipo anayenera kugulidwa padera.

Lamulo la chitetezo cha ana pa intaneti

Sukulu ya boma ku United States singangopatsa mwana chipangizo cha intaneti n'kumusiya. Lamulo la Children's Internet Protection Act, kapena kuti CIPA, limene linakhazikitsidwa mu Disembala 2000, limamanga sukulu ndi malaibulale onse amene amalandira thandizo la E-rate. E-rate ndi ndondomeko ya boma lalikulu, yochokera m'lamulo la zamtokoma la 1996, imene imachotsera sukulu 20 mpaka 90 peresenti ya mtengo wa intaneti malinga ndi umphawi wa ophunzira ake. Chigawo chokhala ndi ana ambiri osauka monga LAUSD chimadalira kwambiri thandizo limeneli.

Pansi pa CIPA, sukulu iyenera kuika pulogalamu yosefa imene imatsekereza zithunzi zolaula, zithunzi zogwiritsa ntchito ana pa zachiwerewere, ndi zina zovulaza ana. Iyeneranso kukhala ndi ndondomeko yolembedwa ya chitetezo pa intaneti ndi kuyang'anira zimene ana akuchita pa makompyuta ake. Bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linagamula mu 2003, pa mlandu umene bungwe la malaibulale linasuma, kuti lamuloli silisemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2008 nyumba ya malamulo inawonjezera mfundo yakuti sukulu ziziphunzitsa ana khalidwe loyenera pa intaneti, kuphatikizapo za masamba a mchezo ndi nkhanza zochitirana pa intaneti. Lamuloli silinena kuti Facebook kapena YouTube zitsekedwe. Zigawo zambiri zimatseka masamba amenewa mwa kufuna kwawo.

Kusefa n'kosavuta kompyuta ikakhala m'kalasi, chifukwa chilichonse chimadutsa pa netiweki ya sukulu. Vuto limabwera chipangizo chikapita kunyumba, kumene chimalumikizidwa ku intaneti ina iliyonse. Kuti kusefa kupitirire ngakhale kunja kwa sukulu, LAUSD inaika pa iPad iliyonse kafayilo ka malamulo kamene kankalumikiza chipangizocho ku dongosolo la chigawo loyang'anira zipangizo zonse. Kafayiloka ndi kamene kankauza iPad masamba oyenera kutsekedwa.

Zimene zinachitika ku Roosevelt

Mu Seputembala 2013, patangotha pafupifupi sabata imodzi chigawireni zipangizozi pa sukulu ya sekondale ya Theodore Roosevelt m'dera la Boyle Heights, ophunzira pafupifupi 300 anali atachotsa kale zotsekerezazo. Nyuzipepala zambiri zinalemba ngati anawo anathyola chitetezo mwaukatswiri, koma zimene anachita zinali zapafupi kwambiri. Analowa pamalo osinthira makonzedwe a iPad n'kufufuta kafayilo kaja, basi. Pa nthawiyo panalibe chimene chinkaletsa wogwiritsa ntchito chipangizo kutero. Atatero anayamba kulowa pa Facebook, kuonera makanema pa YouTube ndi kumvetsera nyimbo pa Pandora. Zomwezo zinaonekanso pa sukulu zina ziwiri, imodzi mwa izo ya Westchester.

Dongosolo la chigawo linkasonyeza kuti ndi iPad iti imene yachoka m'manja mwake, motero akuluakulu anadziwa msanga. Mkulu wa apolisi a chigawochi analembera akuluakulu anzake kalata yowachenjeza kuti njirayo ifalikira mofulumira pakati pa ophunzira, ndipo anawalangiza kuti aganizire zoimitsa kaye kugawako. Chigawo chinaletsa ophunzira kupita ndi ma iPad kunyumba, ndipo m'sukulu zina zipangizozo zinalandidwa kwa kanthawi.

Chiletsochi chinateteza chigawo, koma chinagwetsa theka la cholinga cha pulojekiti. Mwana amene ankayenera kupindula kwambiri anali yemwe analibe kompyuta kwawo, ndipo ndi yemweyo amene tsopano ankasiya iPad yake m'kabati ya kusukulu akaweruka. Ophunzira ena amene anafunsidwa ndi atolankhani ananena kuti anachotsa zotsekerezazo chifukwa panalibe zambiri zimene akanachita ndi chipangizocho kunyumba chili chotsekedwa. Panabukanso funso limene linayenera kuyankhidwa kugawa kusanayambe: kodi iPad ikatayika, ikasweka kapena ikabedwa panjira, alipire ndani, kholo kapena sukulu? Makolo a m'sukulu zosiyanasiyana anauzidwa zosiyana. Chakumayambiriro kwa 2014 kampani ya Apple inatulutsa ndondomeko imene inalola sukulu kukhoma kafayilo koteroko kuti wophunzira asathe kukafufuta, koma apa n'kuti mbiri ya pulojekiti itaipa kale.

M'kalasi

Vuto lalikulu kuposa la ku Roosevelt linali losamveka kwambiri m'nyuzi. Pamene chigawo chinkagula maphunziro a Pearson, maphunzirowo anali asanamalizidwe kukonzedwa. Oyesa anangoona zitsanzo zochepa. Aphunzitsi ambiri anaphunzitsidwa kwa masiku owerengeka okha, ndipo m'sukulu zambiri intaneti inkaduka ana ambiri akalumikiza nthawi imodzi.

Chigawo chinalemba ntchito bungwe la kafukufuku la American Institutes for Research kuti liunike mmene zinthu zinkayendera. Lipoti lake, limene linatuluka mu Seputembala 2014, linati mwa makalasi 245 amene ofufuza anayendera, ndi m'kalasi imodzi yokha mmene anapeza maphunziro a Pearson akugwiritsidwa ntchito. Mu 2015 lipoti la mkati mwa chigawo linasonyeza kuti mwa sukulu 69 zimene zinali ndi maphunzirowo, ziwiri zokha ndi zimene zinkawagwiritsa ntchito nthawi zonse. Akatswiri a unduna wa zamaphunziro wa boma lalikulu, amene anaunikanso ntchitoyi, anapeza kuti chigawo chinaika mtima kwambiri pa chipangizo chimodzi, chisanalongosole bwino mmene aphunzitsi adzachigwiritsire ntchito pophunzitsa ndi mmene chidzayezere ngati ana akupindula.

Maimelo ndi kutha kwa kontirakiti

Mu Ogasiti 2014 wayilesi ya KPCC inaulutsa maimelo osonyeza kuti Deasy ndi wachiwiri wake woona za maphunziro, Jaime Aquino, ankakambirana ndi akuluakulu a Pearson ndi Apple kale kwambiri mpikisano wa makampani ofuna kontirakiti usanatsegulidwe. Aquino anali atagwirapo ntchito ku kampani ina ya pansi pa Pearson. Komiti ya bodi yotsogozedwa ndi Monica Ratliff inadzudzulanso mmene mpikisanowo unayendetsedwera. Deasy anakana kuti panali kukondera kulikonse, nati kukumana ndi makampani ndi mbali ya ntchito ya mkulu wa chigawo, komabe kumapeto kwa mwezi womwewo anaimitsa kugula pansi pa kontirakitiyo.

M'mwezi womwewo chigawo chinakhazikitsa dongosolo latsopano la pa kompyuta losungira mbiri ya ophunzira lotchedwa MiSiS, ngakhale ena anali atachenjeza kuti silinakonzeke. Linasokoneza ndandanda za makalasi, kalembera wa obwera kusukulu ndi zikalata za magiredi. Pa sukulu ya sekondale ya Jefferson ophunzira ambiri anakhala masabata angapo alibe makalasi oyenera, mpaka woweruza milandu analamula akuluakulu a zamaphunziro a boma la California kuti alowererepo. Mavuto awiriwa ataunjikana, Deasy anatula pansi udindo mu Okutobala 2014, ndipo Ramon Cortines, yemwe anatsogolerapo chigawochi m'mbuyomo, anabwerera pampando.

Pa 1 Disembala 2014 apolisi a FBI anatenga makatoni 20 a zikalata zokhudza kontirakitiyi, ndipo tsiku lotsatira Cortines analengeza kuti chigawo sichiigwiritsanso ntchito. Mu Febuluwale 2015 iye ananena poyera kuti chigawo chilibe ndalama zogulira mwana aliyense kompyuta. Mu Epulo chigawo chinalembera Apple kufuna kubwezeredwa ndalama za maphunziro a Pearson, ndipo chakumapeto kwa chaka mbali zonse zinagwirizana pa ndalama pafupifupi madola 6.4 miliyoni. Kafukufuku wa boma lalikulu anatsekedwa mu 2017 popanda munthu aliyense kuimbidwa mlandu.

Zaka zotsatira

Pulojekitiyi inasinthidwa dzina n'kukhala Instructional Technology Initiative. Sukulu zinayamba kuloledwa kusankha zipangizo zina monga Chromebook ndi malaputopu, ndipo sukulu yofuna zipangizo inayenera kuyamba yalemba dongosolo la mmene idzaphunzitsire nazo. Chigawo chinalimbikitsanso maphunziro a khalidwe labwino pa intaneti m'malo modalira kusefa kokha. Mu Malichi 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa COVID-19, LAUSD inapatula madola 100 miliyoni ogulira makompyuta ndi intaneti kuti ana aziphunzira ali kunyumba.

Chiopsezo china chinabwera kuchokera kunja. Kumayambiriro kwa Seputembala 2022 gulu la akuba a pa intaneti lotchedwa Vice Society linalowa m'makompyuta a chigawochi n'kuba zikalata, kenako n'kufuna dipo. Mkulu wa chigawo pa nthawiyo, Alberto Carvalho, anakana kulipira, ndipo mu Okutobala gululo linatulutsa poyera zikalata zokwana pafupifupi magigabayiti 500. Patapita miyezi ingapo chigawo chinavomereza kuti zina mwa izo zinali malipoti ounika ophunzira pafupifupi 2,000, ambiri mwa iwo amene anachoka kale pasukulu.