Khasu ndi Ukonde m'Mbali mwa Chilwa

Ngakhale mitsinje ya Phalombe, Sombani, Likangala ndi Domasi imatsanulira madzi ake m'nyanja ya Chilwa chaka ndi chaka, palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umatulutsamo madziwo. Chifukwa chake nyanjayi, pokhala yosazama ndiponso ya madzi amchere, imadzala ndi kuphwa monga momwe mvula ndi dzuwa zalamulira, ndipo anthu a m'mbali mwake, chiyambire makolo awo, asunga khasu ndi ukonde m'nyumba imodzi.

Pamene David Livingstone ndi John Kirk anaiona mu 1859, naitcha Shirwa, eni dziko anali Anyanja, olima mapira, otchera miono, ophika mchere wa m'dothi umene ankasinthanitsa ndi anthu a kumtunda. Koma mtendere sunakhalitse, pakuti ogulitsa akapolo anatsegula njira yawo pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, kotero kuti ambiri anathawira ku chilumba cha Chisi, kufikira Angerezi atamanga linga la Fort Lister pampatapo mu 1893.

Pambuyo pake anadza Alomwe kuchokera ku Mozambique, mabanjamabanja, atasenza mitolo ndi mbewu zawo, kuthawa ntchito ya kalavulagaga ndi msonkho wa Apwitikizi. Amene anagwera m'minda ya Azungu anakumana ndi thangata, goli losapepuka kuposa limene analithawa. Koma amene mafumu anawalandira m'chigwa cha Phalombe anaswa mphanje m'dothi lakuda la makande, lolimba m'chilimwe, loterera m'dzinja, nabzalamo chimanga, nandolo, chinangwa ndi kalongonda. Ndipo popeza boma linkafuna msonkho wa ndalama, osati wa mapira, mwamuna amene sanafune kukathyola tiyi ku Mulanje kapena ku Thyolo anatsikira kunyanja.

Apa ndipo matemba, kansomba konyozeka pamaso, anasanduka chuma cha dziko. Asodzi ankawakokera kumtunda pamodzi ndi makumba, akazi nawayanika padzuwa, milamba naiwamba pamoto. Amalonda, poyamba ndi mitanga pamutu, kenaka ndi njinga zakapalasa, ankanyamuka pamadooko monga Swang'oma ndi Kachulu kukagulitsa ku Limbe ndi kuminda ya tiyi, kumene khamu la antchito linkasowa ndiwo. Maukonde a nayiloni atalowa m'malo mwa a luzi, nsomba zinachuluka pamsika, ndipo anyamata ena anayamba kugonera pamadzi pomwepo, m'timisasa toyandama totchedwa zimbowera, m'kati mwa njedza, miyezi yathunthu osaponda mtunda. Ndalama zinalipo, koma madzi akumwa anali omwewo otayiramo zonyansa, ndipo kolera wakhala mlendo wosaitanidwa kumeneko kufikira lero.

Tsono chinafika chaka cha 1968, nyanja niuma, mabwato nakhala pamatope osweka, anthu nayenda ndi miyendo pamene dzana ankapalasa. Akuluakulu sanadabwe, pakuti anamva kwa makolo awo kuti zinachitikapo kale. Iwo anangoti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ena anapita ndi maukonde awo ku Chiuta ndi ku Malombe, ena anasaka mbalame za m'madambo, ochuluka anatola makasu natsata chinyontho pobzala mpunga ndi chimanga m'mene madzi anachoka. Nsomba nazonso zinabisala m'maiwe a mitsinje, ndipo mvula itabwerera zinaswananso.

Zinatero kachiwiri mu 1995, ndiponso mu 2018. Chosiyana n'chakuti masiku ano anthu achuluka, minda yachepa, mitengo ya m'mapiri yatha ndi nkhwangwa, ndipo dothi lokokoloka likukwirira nyanja pang'onopang'ono. Madzi amene akanatsika mofatsa amadza mwaukali, monga napolo wa ku Michesi mu 1991 ndi namondwe Freddy mu 2023, amene anasesa midzi ndi minda ya Phalombe. Boma linalembetsa nyanjayi m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 1997, magulu a asodzi nakhazikitsidwa pamadooko kuti aletse maukonde a maso ang'onoang'ono. Komabe lamulo limavuta kulisunga pamene nkhokwe ili mbee, ndipo ambiri akusodzabe ndi masikito amene anapatsidwa kuti adzitchinjirize ku malungo.